ZA PAKHOMO PATHU: Ng'oma Yoliritsa Sichedwa Kung'ambika

Mwezi uno tikambirane za chida china chimene chalowa m'nyumba zambiri za kuno kunyanja, ndicho bokosi lija lokuza mau a nyimbo, limene anyamata alitcha amplifaya. Amene ayenda madzulo mu mseu wa M5 kuchokera pa Chintheche kulinga ku Bandawe, nakhotera ku Makuzi, adziwa kuti masiku ano nkobvuta kupyola mudzi osamva chida chimenechi chirikulira, pena pa golosale, pena pa ukwati, pena m'nyumba ya munthu wamba. Koma alipo mabokosi ena otere amene sitiwamva, pakuti agona chete pansi pa kama, atapsa asanathe ndi chaka chomwe. Ndipo za amenewo ndizo tifuna kunena.

Ndikuuzeni zimene ndinaona pa khomo lina la kuno kwathu. Mai wina wamasiye ali ndi mwana wamwamuna amene agwira nchito ku Johannesburg, monga ankachitira makolo a Atonga kale, amene ankapita ku Joni ndi ku Halale nabwerako ndi magalamafoni, njinga ndi masuti. Mnyamatayo anadzimana miyezi ingapo, nagula amplifaya ndi masipika awiri, nazitumiza pa basi kuti amake ndi abale ake azimverako nyimbo madzulo. Tsiku la Chaka Chatsopano, pamene atsikana abvina chilimika, ang'ono ake anati masipika awiri achepa. Anabwereka ena anai kwa anzao, nawalumikiza onse pa malo amodzi, napotokola voliyumu kufikira kumapeto. Nyimbo zinalira ndithu, ndipo anthu anasonkhana. Koma dzuwa lisanalowe kunamveka kafungo ka chinthu chopsa, ndipo bokosi linangoti zii. Maiyo anafunsa funso limodzi lokha: “Nanga mkulu wanu akaimba foni ndikamuuza chiani?” Panalibe woyankha.

Abale anga, amplifaya kawirikawiri siifa ndi ukalamba ai. Imafa ndi zinthu zitatu: kulumikiza kolakwa, katundu wopitirira muyeso, ndi kutentha. Zonse zitatu ziri m'manja mwa mwini wake, ndipo kuzipewa sikulira ndalama, kulira kudziwa ndi kudekha basi.

Nchito yake ya bokosili

Inu amene munaonera gule wa malipenga mudziwa kuti mwamuna akaimbira m'chipanda chija, mau ake amveka mwina ndipo afika patali. Komabe chipanda sichionjezera mphamvu. Mphamvu yonse ichokera m'chifuwa cha woimba. Amplifaya isiyana ndi lipenga pamenepa. Iyo ilandira timau tofooka tochokera m'foni, m'wailesi kapena m'maikolofoni, ndipo itunga mphamvu ku batire kapena ku magetsi a pa khoma, niiumba mphamvuyo kuti ifanane ndi timau tija, niitumiza ku sipika. Sipika ndiyo ikankha mpweya kufikira m'makutu mwathu.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. M'chaka cha 1906 munthu wa ku America, dzina lake Lee de Forest, anapanga chipangizo chagalasi chonga babu, chimene pambuyo pake anthu anachigwiritsa nchito ya kukuza mau. Zipangizo zotere zinalimo m'wailesi ija yotchedwa Saucepan Special, yooneka ngati sefuliya, imene inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, ndipo ndiyo inafikitsa m'midzi yambiri mau a Chinyanja oulutsidwa ku Lusaka. Mu 1947 akatswiri atatu, John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley, anatulukira kanthu kakang'ono kotchedwa transistor, ndipo tinthu timeneti nditi tigwira nchito m'mabokosi athu a lero. Ndi tamphamvu, koma tiri ndi chofooka chimodzi: sitipirira kutentha. Pogwira nchito, gawo lina la magetsi lisanduka mau, ndipo gawo lina lisanduka kutentha. Kutenthako kukachuluka kopanda potulukira, transistor ipsa, ndipo ikapsa siichira.

Za kulumikiza masipika

Choyamba, musanakhudze waya ali yense, zimitsani bokosi, zulani pulagi, ndipo werengani zolembedwa kumbuyo kwake. Pafupi ndi polowa mawaya a sipika mupeza nambala, kawirikawiri 4 kapena 8, yotsatana ndi liu lakuti ohm kapena chizindikiro chonga chibangiri chotseguka kunsi. Kumbuyo kwa sipika nakonso kuli nambala yotere. Dzinali ndi la Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany, amene mu 1827 anafotokoza lamulo la kayendedwe ka magetsi. Ohm ndi muyeso wa kukaniza: sipika ya ma ohm ambiri ikoka magetsi pang'ono, ndipo ya ma ohm ochepa ikoka magetsi ambiri. Tsono nambala ikamatsika, katundu wa amplifaya ndiye akukula.

Apa ndipo ambiri asokera. Mukalumikiza masipika awiri a ma ohm 8 pa malo amodzi, mawaya ofiira pamodzi ndi akuda pamodzi, bokosi siliona 16 ai, liona 4. Mukalumikiza anai otero, liona 2. Ana a mai uja analumikiza asanu ndi limodzi. Ngati yonse inali ya ma ohm 8, katunduyo anatsikira pansi pa ma ohm 2, pamene bokosi lao linalembedwa kuti lisapyole pa 4. Msodzi ali yense wa ku Makuzi adziwa kuti bwato liri ndi malire ake. Lingathe kuyenda kanthawi litasenza kopitirira, madzi ali m'milomo, koma funde limodzi likwanira kulimiza. Lamulo lake nali: nambala imene bokosi liona isatsike kuposa imene yalembedwa kumbuyo kwake. Ngati muli ndi masipika awiri a ma ohm 4 ndipo bokosi lifuna 8, alumikizeni motsatana ngati mikanda pa chingwe, waya wakuda wa sipika yoyamba alowe pofiira pa yachiwiri. Pamenepo manambala aphatikizana nakhala 8.

Chachiwiri, samalani nsonga za mawaya. Waya wa sipika ali ndi timitsitsi tambiri ta mkuwa. Sendani khungu lake pang'ono pokha, potani timitsitsi tonse tikhale chingwe chimodzi, ndipo mangani zolimba. Kamtsitsi kamodzi kosokera, kakakhudza waya mnzake kapena chitsulo cha bokosi, kangathe kupha amplifaya m'kuphethira kwa diso. Polumikiza mawaya awiri kuti atalike, kulungani pa mfundo ndi tepi ya magetsi. Pepala la shuga kapena nsanza sizitchinjiriza kanthu.

Chachitatu, chofiira chipite pofiira, chakuda pakuda, ku bokosi ndi ku sipika komwe. Mukasemphanitsa pa sipika imodzi sipapsa kanthu, koma sipika imodzi ikankha mpweya pamene inzake ikoka, ngati anthu awiri opalasa bwato mosemphana. Mau a besi achepa, ndipo mwana wosadziwa aonjezera voliyumu kuwafunafuna, natopetsa bokosi pachabe.

Za magetsi odyetsa bokosi

Magetsi a pa khoma m'Malawi ndi a ma volt 230. A ku South Africa ndi chimodzimodzi, chifukwa chake katundu wochokera kumeneko agwira bwino nchito kuno. Koma pulagi yao iri ndi mano atatu obulungira, pamene yathu iri ndi mano atatu a ngodya, ndipo m'kati mwa yathu muli fyuzi. Musadule pulagi ya ku Joni ndi kulowetsa mawaya osabvala m'soketi, mutawapanikiza ndi timitengo ta machesi, monga tiona m'nyumba zina. Gulani pulagi ya kuno, ndipo wodziwa aimange bwino, pamodzi ndi waya wachitatu uja wa dzino lalitali, amene nchito yake ndi kupatutsa magetsi osokera kuti asadzere m'thupi la mwana wogwira bokosi. Katundu wochokera ku America ndiye wofuna kuchenjera naye koposa, pakuti kumeneko magetsi ao ndi a ma volt 120. Bokosi lotere likalowa pa khoma lathu lopanda chotsitsira magetsi, lipsa nthawi yomweyo.

Magetsi akathima, zimitsani amplifaya pa khoma, ndipo akabwera dikirani kanthawi kuti akhazikike, popeza nthawi zina abwera ndi ukali. M'nyengo ya dzinja, ndipo boma lathu la Nkhata Bay liri pakati pa maboma a mvula yambiri m'dziko muno, mukamva mabingu patali zulani pulagi ndi waya wa mlongoti. Kuzimitsa switchi kokha sikukwanira, chifukwa mphamvu ya mphenzi idumpha kampata kakang'onoko mosabvuta.

Mabanja ambiri a kuno adyetsa amplifaya ndi batire la ma volt 12 lodzazidwa ndi sola ya pa denga. Kwa inu pali malangizo anai. Loyamba: pa batire kusemphanitsa chofiira ndi chakuda ndi imfa ya bokosi, chifukwa chake musalumikize mumdima kapena mwa changu, yang'anani zizindikiro kawiri. Lachiwiri: musatenge magetsi molunjika ku sola, pakuti sola yotchedwa ya ma volt 12 itulutsa 18 kapena kuposa dzuwa likawala, sola idzaze batire kudzera m'kabokosi kolamulira kadzazidwe, ndipo amplifaya idye ku batire. Lachitatu: waya wochokera ku batire akhale wonenepa ndi wamfupi, ndipo pa waya wofiira, pafupi ndi batire, pakhale fyuzi. Kuti mutenge ma watt 100 pa ma volt 12 pafunika ma amp oposa 8. Waya woonda atentha, ndipo pansi pa denga la udzu waya wotentha ndi chiyambi cha moto. Lachinai: musakame batire kufikira nyimbo zitayamba kulira mosasa. Batire la asidi lodzala, likapumula, lionetsa ma volt 12.6 kapena 12.7, likafika pafupi ndi 12.1 ndiye kuti latha theka, ndipo pamenepo ndipo poyenera kulekera. Batire lokamidwa kotheratu usiku ndi usiku silikhalitsa. Liikeni pa malo opita mphepo, kutali ndi koloboi ndi fodya, pakuti podzazidwa litulutsa mpweya woyaka.

Kuyatsa ndi kuzimitsa

Phunzitsani ana mwambo uwu kufikira auloweze. Poyatsa, tsitsani voliyumu, yatsani foni kapena wailesi poyamba, ndipo amplifaya ikhale yotsiriza. Pozimitsa, tsitsaninso voliyumu, ndipo amplifaya ikhale yoyamba kuzima. Mlendo wolemekezeka afika zonse zitakonzedwa, ndipo atsazika anthu asanayambe kusesa. Mukachita motero masipika sadzidzimuka ndi kugunda kuja kwakuti phu! Musasolole kapena kulowetsa waya ali yense bokosi liri choyaka.

Za voliyumu

Pa mabokosi ena alemba ndi malembo akuluakulu ma watt zikwizikwi, natsatiza zilembo zakuti PMPO. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Nambala imeneyo ndi ya amalonda. Nambala yoona, ya mphamvu imene bokosi lingathe kupereka kosalekeza, ndi imene itsatana ndi zilembo zakuti RMS, ndipo kawirikawiri ndi yaing'ono kwambiri. Dziwaninso ichi: kuwirikiza mphamvu kawiri kuonjezera mau pang'ono pokha, ma decibel 3 basi, kuti khutu limve ngati mau akula kawiri, pafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Chifukwa chake wopotokola voliyumu kuchokera pakati kufikira kumapeto apindula pang'ono m'makutu, nataya zambiri m'bokosi.

Bokosi lokha lichenjeza likatopa. Mau a woimba akayamba kusweka ndi kukanda, ng'oma zikamveka ngati zaphwanyika, ndiye kuti amplifaya yafika pa malire ake ndipo irikudula nsonga za mau. Mau odulidwa otero atentha kawaya ka m'kati mwa sipika, makamaka m'tisipika tating'ono ta mau oonda. Mukamva zimenezo tsitsani msanga. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo ananena zoona ngakhale sanaone amplifaya.

Kusamala kwa tsiku ndi tsiku

Amai athu akonda kukongoletsa katundu wa m'nyumba ndi nsalu zoluka, ndipo nzokoma ndithu. Koma pa amplifaya yoyaka nsalu ndi mdani. Timabowo ta pamwamba ndi m'mbali ndito mphuno zake. Musaisanjike ndi katundu wina, musaitsekere m'kabati, musaiike pa matiresi kapena padzuwa. Isiyireni mpata wa chikhato chimodzi mbali zonse. Nyimbo zikalira ola limodzi, ikani dzanja pamwamba pake: kufunda si kanthu, koma ngati dzanja silingathe kukhalapo, zimitsani ipumule. Nsalu ija ibvundikireni itazima ndi kuzizira.

Ife a kunyanja tiri ndi adani ena amene a kumtunda sawadziwa bwino. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira unyamula mchenga ndi pfumbi nuzilowetsa pali ponse. Nkhungu zikatuluka m'nyanja ngati utsi nizifika kumtunda, zithamangira kuwala ndi kufunda, ndipo zifera m'timabowo ta bokosi. Chinyontho cha dzinja chidyetsa zitsulo dzimbiri, ndipo nsonga za mawaya zisanduka zobiriwira. Mphemvu, nyerere ndi analimata nawo akonda kugona m'menemo. Chifukwa chake ikani bokosi pa thebulo kapena pa shelefu, osati pansi, ndiponso osati pa zenera loyang'ana kunyanja kapena pansi pa denga lodontha. Kamodzi pa mwezi, mutazula pulagi, pukutani ndi nsalu youma, sesani timabowo ndi kaburashi kofewa, ndipo yang'anani mawaya onse. Nsonga yobiriwira iduleni, musende ina yatsopano. Voliyumu ikayamba kukhwekhwereza poipotokola, kawirikawiri ndi pfumbi: bokosi litazima, ipotokoleni uku ndi uku kangapo. Mukamva kung'ung'udza kosatha, onani ngati kawaya kochokera ku foni kalowa bwino, ndipo kapatuleni kutali ndi waya wa magetsi. Bokosi likanyowa musaliyatse kuti muone ngati likali moyo. Liumitseni masiku angapo pa mthunzi wopita mphepo.

Fyuzi ikapsa, dziwani kuti yafera bokosi lanu, monga mlonda wofera pa chipata. Ikani ina ya nambala yomweyo. Musaimange ndi waya kapena ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, pakuti mukatero mwachotsa mlonda, ndipo ulendo wina chidzapsa ndi bokosi, kapena nyumba. Fyuzi yatsopano ikapsanso, bvuto liri m'kati. Pitani nalo kwa mmisiri. Musatsegule nokha, chifukwa m'katimo muli zipangizo zonga timigolo zimene zisunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Safunsa anadya phula.

Makutu ndi anansi

Chatsala chinthu chimodzi choposa zonsezi. Bokosi likapsa mmisiri angathe kulikonza, kapena mwana wa ku Joni angatumize lina. Koma m'kati mwa khutu muli timaselo tonga ubweya timene tikafa ndi phokoso sitimeranso. Bungwe la World Health Organization lilangiza kuti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera mau a ma decibel 80, ndipo kwa ana muyeso utsikira pa 75; mau akakwera ndi ma decibel 3 okha, nthawi yololedwa ichepa ndi theka. Ife tiribe chida choyezera, koma chizindikiro chiripo: ngati mufunika kupfuula kuti munthu woima pafupi, pofika mkono wanu, akumveni, phokoso lapyola. Ngati phwando litatha m'makutu mukulira ngati nyenje, makutuwo abvulala. Amai obereka ana, pa ukwati musaime pafupi ndi sipika. Khanda liri kumbuyolo silingathe kuthawa, ndipo silidziwa kudandaula.

Kumbukiraninso kuti usiku mau ayenda patali pamwamba pa madzi, kotero kuti nyimbo za pa khomo limodzi zimveka gombe lonse. Pa gombelo alipo asodzi a usipa amene achezera pa nyanja ndi nyali nafuna tulo masana. Alipo odwala, okalamba ndi ana okonzekera mayeso. Ndipo m'mudzi mukagwa maliro, mwambo wathu udziwika, ng'oma zonse zikhala chete. Voliyumu yosunga bokosi ndi yomweyo yosunga makutu a ana ndi ubale wa pa mudzi.

Bokosi la mai uja linapita kwa mmisiri, ndipo ndalama zimene anasungira feteleza zinathera komweko. Tsopano liri pa shelefu, ndi masipika ake awiri okha, ndipo pa khoma pambali pake mwana wamng'ono wa sukulu analemba ndi choko manambala a kumbuyo kwake kuti akulu ake asaiwale. Madzulo lilira mofatsa, ndipo maiyo amva nyimbo namvanso mdzukulu wake akamuitana pabwalo.

Tsono madzulo ano, musanayatse, tembenuzani bokosi lanu, werengani nambala ya kumbuyo, werenganinso masipika amene mwalisenzetsa, ndipo muone ngati zigwirizana.